Kuweta Njuchi pa Yunivesite: Maluwa Ayambe, Ming'oma Ibwere Pambuyo

Gulu la ophunzira kapena aphunzitsi likaganiza zoweta njuchi pa yunivesite, kawirikawiri maganizo onse amathamangira ku mng'oma: ugulidwe wamtundu wanji, uikidwe pati, ndipo uchi woyamba udzafulidwa liti. Kuyambira kumeneko ndi kuyamba ntchito chakumapeto. Njuchi zimafuna chakudya chaka chonse, madzi, malo abata ndi munthu wosachokachoka, pamene yunivesite ndi malo a kapinga wometedwa mpaka pansi, a anthu ambirimbiri oyenda uku ndi uku, a tchuthi chachitali, ndiponso a ophunzira amene amamaliza maphunziro awo n'kumapita. Ndondomeko imene ndikuiona kuti ndi yoyenera ndi yakuti mupeze kaye anthu, mukonze munda wa maluwa, ndipo ming'oma ibwere zonsezi zitakhazikika.

Anthu ndi chilolezo

Musanakumbe dzenje ngakhale limodzi, pezani munthu wolembedwa ntchito yokhazikika amene avomere kuti njuchizo zidzakhala m'manja mwake. Akhoza kukhala mphunzitsi wa zaulimi kapena wa sayansi ya zamoyo, katswiri wa mu labotale, kapenanso mkulu wa anthu osamalira malo. Ophunzira ndi amene amabweretsa changu ndi manja ogwirira ntchito, koma amakhala pasukulu zaka zitatu kapena zinayi zokha, ndipo nthawi ya mayeso palibe amene angawaimbe mlandu akaiwala ming'oma. Munthuyo akapezeka, pemphani chilolezo cholembedwa kwa akuluakulu a yunivesite, chonena malo amene mwapatsidwa, chiwerengero cha ming'oma ndi amene adzayankhe munthu akavulala. Funsaninso ku ofesi ya boma yoona zaulimi kapena ziweto, chifukwa m'mayiko ambiri ming'oma imalembetsedwa ndipo matenda ena a njuchi lamulo limafuna kuti akaoneka adziwitsidwe msanga.

Pali magulu atatu amene sayenera kumva za ntchitoyi mwamphekesera: a kuchipatala cha pasukulu, alonda, ndi osamalira malo. Otsirizawa ndiwo ofunika koposa, pakuti ndi iwo amene amanyamula makina ometera kapinga ndi mpope wopopera mankhwala, ndipo munda umene iwo sanaumvetse cholinga chake ukhoza kutchetchedwa m'mawa umodzi ndi munthu amene akungofuna kugwira bwino ntchito yake.

Kudziwa zimene zilipo kale

Chachiwiri ndi kuyendera malo onse a yunivesite kamodzi pamwezi kwa chaka chathunthu, mukulemba mitengo, zitsamba ndi udzu umene ukuchita maluwa ndiponso tizilombo timene tikuteramo. Ntchitoyi imaoneka yochedwetsa, koma ndi imene imaonetsa miyezi ya njala, imene maluwa amasowa, ndipo munda wanu udzakonzedwa kuti utseke mipata imeneyo. Yang'ananinso kunja kwa mpanda, chifukwa njuchi zimapita makilomita 2 kapena 3 kukafuna chakudya, ndipo kukavuta zimafika patali kuposa makilomita 5. Ngati m'dera limenelo muli minda imene imapoperedwa mankhwala kawirikawiri, kapena muli kale alimi ambiri a njuchi, zimenezo zikhudza chiwerengero cha ming'oma imene mungaike.

Apa ndikufuna kunena mfundo imene ambiri safuna kuimva. Padziko lapansi pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo yambiri sikhala m'magulu, sipanga uchi woti munthu afule, komanso imamanga zisa zake m'nthaka kapena m'mapesi ndi m'mitengo youma. Njuchi ya uchi, imene asayansi amaitcha Apis mellifera, ndi mtundu umodzi chabe, ndipo ndi chiweto chimene munthu angachichulukitse akafuna. Mng'oma wamphamvu umakhala ndi njuchi zantchito 40,000 kapena kuposa, zonse zikudya pa maluwa omwewo amene njuchi zam'tchire, agulugufe ndi bemberezi amadalira. Choncho kuika ming'oma yambiri pamalo a maluwa ochepa sikuteteza chilengedwe ayi, koma kulanda chakudya tizilombo timene tilibe wotidyetsa shuga pa nthawi ya njala. Yunivesite imene yadzala maluwa popanda mng'oma ndi umodzi womwe yachita kale gawo lalikulu la ntchitoyi.

Kukonza munda

Sankhani malo amene amalandira dzuwa maola 6 kapena kuposa patsiku ndiponso otetezeka ku mphepo yamkuntho. Zomera zachilengedwe za dera lanulo zikhale zambiri kuposa zobwera, chifukwa tizilombo ta m'deralo tinazolowerana nazo, ndipo zimapirira nyengo popanda kuthirira kwambiri. Pewani maluwa okongoletsera amene anasinthidwa kuti duwa lenilenilo likhale ndi timasamba tothithikana, pakuti ambiri mwa iwo alibe mungu, ndipo ngakhale atakhala ndi timadzi totsekemera njuchi sizitha kufikamo. Duwa lotseguka bwino, loonetsa pakati pake, ndilo lothandiza. Mpendadzuwa, zomera za m'gulu la nyemba, za m'gulu la maungu ndi zitsamba zonunkhira zimakopa njuchi pafupifupi kulikonse kumene zimamera.

Musamwaze mbewu imodziimodzi m'munda monse. Njuchi ikatuluka ulendo umodzi imakonda kutera pa maluwa amtundu umodzi, ndipo khalidwe limeneli ndi limene limachititsa kuti mungu ufike pa duwa loyenera. Dzalani mtundu uliwonse pamalo amodzi, pabwalo losachepera mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, kuti njuchi ipeze zokwanira osauluka mtunda. Pa nkhani ya mitundu, njuchi zimaona bwino maluwa obiriwira ngati mtambo, amtundu wa pepo, oyera ndi achikasu, ndipo zimaonanso kuwala kwina kumene maso a munthu sakuona, koma chofiira sizichizindikira bwino. Maluwa ofiira asachotsedwe pa chifukwa chimenechi, chifukwa agulugufe ndi mbalame zoyamwa timadzi zimawafuna. Chofunika kwambiri ndi chakuti mwezi uliwonse wa nyengo imene njuchi zimauluka pakhale mitundu itatu kapena kuposa imene ikuchita maluwa, makamaka m'miyezi ya njala ija munailemba.

Musaiwale mitengo. Mtengo umodzi waukulu ukachita maluwa umapereka chakudya chochuluka kuposa mabedi angapo, ndipo yunivesite ili ndi mwayi umene nyumba ya munthu ilibe, wa misewu ndi mabwalo oimikapo galimoto amene amafuna mthunzi. Pomwe pakufunika kudzala mitengo yamthunzi, pemphani kuti isankhidwe yochita maluwa pa nyengo zosiyanasiyana. Pemphaninso kuti mbali zina za kapinga zimene anthu sakhalapo zizimetedwa mwa apo ndi apo kuti timaluwa ta pansi tipeze mpata wotuluka. Kuti malowo asaoneke ngati osiyidwa, m'mphepete mwake muzimetedwa bwino ndipo paikidwe chikwangwani chofotokoza cholinga chake, chifukwa madandaulo a anthu oona ngati ndi tchire ndiwo amathetsa minda yotereyi.

Munda wabwino umaperekanso pogona. Siyani malo ena a dothi opanda chophimba chilichonse, pamalo ouma ndi owomba dzuwa, poti njuchi zambiri zam'tchire zimakumba m'nthaka. Siyani chipika chouma ndi mapesi amphako pakona, ndipo ngati mukufuna kuwonjezera, boolani mabowo m'thabwa losapakidwa mankhwala, otambalala mamilimita 3 mpaka 10 ndi akuya pafupifupi masentimita 15, osatulukira mbali inayo. Masamba akadyedwa ndi mbozi musathamangire mankhwala, pakuti zina mwa mbozizo ndiwo agulugufe a mwezi wamawa.

Za mankhwala ophera tizilombo pakhale mgwirizano wolembedwa ndi osamalira malo. M'munda wa maluwa ndi pafupi ndi ming'oma asapoperemo konse. Mankhwala ena amalowa m'thupi lonse la chomera mpaka mu mungu ndi m'timadzi, ndipo n'chifukwa chake m'chaka cha 2018 mayiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito panja mankhwala atatu otchedwa imidacloprid, clothianidin ndi thiamethoxam. Werengani maina amenewa pa botolo lililonse limene lili m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo funsani ogulitsa mbande ngati mbandezo zinathiridwa kale mankhwala. Pamene kupopera kwina sikungapeweke, kuchitike madzulo njuchi zitalowa, kopanda mphepo, pa zomera zimene sizikuchita maluwa, ndipo wosamalira njuchi auzidwe tsiku lisanafike.

Malo a ming'oma

Munda ukadutsa chaka chimodzi ndipo mwauona ukugwira, sankhani malo a ming'oma. Akhale kutali ndi zipinda zophunziriramo, malo ogona ophunzira, mabwalo amasewera, njira zodutsa anthu ndi makola a ziweto, chifukwa nyama yomangidwa kapena yotsekeredwa singathawe njuchi zikalusa. Mtunda woyenera umadalira mtundu wa njuchi. Za ku Ulaya n'zofatsirapo, pamene za m'madera otentha a mu Africa ndi zosakanizika nazo za ku America zimateteza mng'oma mwaukali ndipo zimalondola munthu patali, kotero kuti kwa izo mamita 100 kapena kuposa si mtunda wopambanitsa. Zungulizani malowo ndi mpanda kapena mitengo yothithikana yotalika mamita 2, kuti njuchi zikatuluka zizikwera m'mwamba n'kumadutsa pamwamba pa mitu ya anthu. Pakhale chitseko chokhoma ndi chikwangwani chokhala ndi nambala ya foni ya ofesi yoyang'anira.

Khomo la mng'oma liyang'ane kumene kumachokera dzuwa la m'mawa, ndipo m'madera otentha pakhale mthunzi wa masana. Njuchi zimasunga kutentha kwa pafupifupi madigiri 35 pamalo olerera ana, ndipo mng'oma ukapsa ndi dzuwa zimasiya kufuna chakudya n'kumatunga madzi oziziritsira. Pewani malo odikha madzi, oyandikana ndi jenereta, ndi oyang'anizana ndi magetsi owala usiku. Mng'oma ukhale pa chiikiro chotalika pafupifupi theka la mita, miyendo yake itapakidwa girizi kuti nyerere ndi linthumbu zisakwere, ndipo kumene kuli nyama zokonda uchi, monga chiuli kapena chimbalangondo, mpanda ukhale wolimba moyenera. Ena amakonda kuika ming'oma padenga la nyumba zosanja, ndipo zimatheka, koma ganizirani mphepo, kutentha ndi masitepe, pakuti bokosi lodzaza uchi limalemera makilogalamu 20 kapena kuposa.

Madzi aikidwe njuchi zisanabwere. Beseni losaya lokhala ndi miyala kapena timitengo toteramo ndi lokwanira, malinga lisaume ndipo madzi azisinthidwa sabata iliyonse kuti udzudzu usaswane. Njuchi zikazolowera mpopi wa pa hosteli kapena dziwe losambiramo, n'kovuta kwambiri kuzisintha.

Mng'oma, zida ndi njuchi zoyamba

Pa yunivesite pamafunika mng'oma umene zisa zake zingatulutsidwe ndi kubwezedwa osaphwanyika, chifukwa cholinga ndi kuphunzira ndi kuona matenda msanga. Mng'oma wa mafelemu, timatabwa tolumikizidwa mbali zinayi timene njuchi zimamangamo zisa, unachokera pa zimene Lorenzo Langstroth anazindikira ku Philadelphia m'chaka cha 1851, zakuti mpata wa mamilimita 6 mpaka 9 njuchi zimausiya ngati njira, pamene wocheperapo zimaumata ndipo wokulirapo zimamangamo chisa. Umapereka uchi wambiri, koma umafuna mmisiri wodziwa kuyeza ndi makina opukusira uchi. Mng'oma wa timatabwa ta pamwamba, umene unatchuka ku Kenya, ndi wosavuta kukhoma ndipo sufuna kunyamula mabokosi olemera. Chinsinsi chake chili m'lifupi mwa timatabwato, mamilimita 32 kwa njuchi za mu Africa ndi 35 kwa za ku Ulaya, ndipo mukaphonya muyeso umenewu njuchi zimamanga zisa mopingasa. Mtundu uliwonse umene mungasankhe, ming'oma yonse ikhale yofanana kuti zisa zithe kusinthanitsidwa.

Yambani ndi ming'oma iwiri. Umodzi wokha sukupatsani poyerekezera, ndipo mfumukazi yake, njuchi imene imaikira mazira, ikafa mulibe kotenga chisa cha mazira choti njuchi zilerepo ina. Gulani chofukizira utsi, chitsulo chokanulira zisa, chipewa chaukonde, ovolosi yoyera, magolovesi ndi nsapato zazitali, zokwanira munthu aliyense amene adzalowe mumpanda. Njuchi mungazipeze pogula kagulu ka mafelemu asanu kokhala ndi mfumukazi yoikira kwa mlimi wodalirika wa pafupi, kapena potchera mng'oma wopakidwa phula m'kati pa nyengo imene njuchi zimasamuka. Musaitanitse njuchi zochokera kudziko lina, chifukwa matenda ambiri anafalikira mwa njira imeneyo. Kusamutsa mng'oma kuchitike usiku khomo litatsekedwa ndi sefa yolowa mpweya, ndipo ngati maluwa ndi ochepa pa masabata oyamba, zipatseni shuga woyera wosungunula m'madzi mulingo wofanana, m'kati mwa mng'oma osati panja.

Kuyendera mng'oma

Kuti muwerenge chisa muyenera kudziwa masiku a njuchi. Dzira limaswa pakatha masiku 3. Kuchokera pa dzira kufika pa njuchi yokhwima pamatenga masiku 21 kwa yantchito, 24 kwa yamphongo ndi 16 okha kwa mfumukazi. Choncho mukaona mazira, timizere toyera tating'ono pansi pa timabowo, mwadziwa kuti mfumukazi inalipo m'masiku atatu apitawa, ndipo palibe chifukwa chovundulira mng'oma wonse kuifunafuna. Pa nyengo ya maluwa ambiri tsegulani kamodzi pa masiku 7 mpaka 10, ndipo pa nyengo ya njala kapena yozizira tsegulani mwa apo ndi apo. Sankhani nthawi imene pasukulu pali anthu ochepa, monga kumapeto kwa sabata, ndipo ngati njuchi zanu n'zaukali, chakumadzulo ndiye bwino kuti mdima uzikhazike mtima pansi. Musalowe nokha, musadzole zonunkhira, imani kumbuyo kwa mng'oma, fukizani utsi wozizira pang'ono pakhomo, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo gwirani zonse modekha osagogoda.

Poyendera yang'anani mazira, kudzaza bwino kwa ana m'chisa, kuchuluka kwa uchi ndi mungu, malo otsala ndi zizindikiro za adani. Njenjete za phula ndi tizikumbu ta mumng'oma zimagonjetsa gulu lofooka lokha, ndipo mankhwala ake ndi kusasiya zisa zambiri zimene njuchi sizingazilondere. Tinthata ta varroa, timene timayamwa njuchi ndi kufalitsa matenda, timawerengedwa potenga njuchi pafupifupi 300 m'botolo n'kuzigubuduza mu shuga wosalala ngati ufa kuti tigwe. Alangizi ambiri amati tikafika 3 pa njuchi 100 zilizonse ndi nthawi yochitapo kanthu. Mukaona ana akufera m'timabowo totsekedwa, zivindikiro zitalowa m'kati, ndipo kamtengo kakaviikidwamo kakutuluka ndi ulimbo wotamuka, tsekani mng'omawo, musasamutse chisa chilichonse, ndipo itanani mlangizi wa boma tsiku lomwelo, chifukwa amenewo akhoza kukhala matenda oola ana amene mbewu zake zimakhala zamoyo zaka makumi angapo, ndipo nthawi zambiri mng'oma wotere umatenthedwa.

Gulu likakula n'kudzaza mng'oma limalera mafumukazi atsopano m'timabowo tatitali tolendewera, ndipo mfumukazi yakale imatuluka ndi pafupifupi theka la njuchi. Pa yunivesite chigulu chimenechi chikhoza kukatera pakhomo la laibulale masana. Njuchi zotere kawirikawiri sizikhala zaukali, koma anthu sadziwa zimenezo, ndipo wina akhoza kuzigenda kapena kuzipopera. Pewani izi powonjezera malo msanga kapena pogawa gulu mukaona timabowo tija, khalani ndi bokosi lopanda kanthu lokonzeka, ndipo alonda onse adziwe woti amuimbire.

Mbola

Aliyense woyamba ntchitoyi afunsidwe ngati thupi lake linayamba ladanapo ndi mbola. Munthu akalumidwa, mbola ichotsedwe msangamsanga ndi chikhadabo, malowo afukiziridwe utsi kuti fungo loitana njuchi zina lisamveke, ndipo paikidwe chozizira. Kutupa pamalo olumidwa n'kwachibadwa. Koma kubanika, kutupa kwa milomo, lilime kapena kukhosi, zidzolo thupi lonse ndi chizungulire ndi ngozi yofuna jakisoni wa adrenaline ndi chipatala nthawi yomweyo. Onetsetsani kuti chipatala cha pasukulu chili ndi mankhwalawa ming'oma isanabwere, ndipo tsiku lililonse loyendera pakhale foni ndi njira yachangu yonyamulira wodwala.

Kufula uchi ndi nyengo ya tchuthi

Chaka choyamba musayembekeze uchi, pakuti gulu likumanga zisa. Nthawi yofula ikakwana tengani zisa zokhazo zimene njuchi zamata ndi phula pafupifupi ponse, chifukwa uchi wosamatidwa uli ndi madzi ambiri ndipo umasasa. Uchi wabwino madzi ake sapitirira magawo 20 pa 100 aliwonse. Zisa za ana zisakhudzidwe, ndipo siyani uchi wokwanira kudutsa nyengo ya njala, apo ayi gululo lidzafa kapena kuthawa. Sefani m'chipinda chotsekedwa bwino, osauwiritsa, ndipo ngati mugulitsa kapena kugawa, lembani pa botolo kuti usapatsidwe kwa mwana wosakwana chaka chimodzi.

Pomaliza, ikani kalendala ya sukulu pambali pa kalendala ya maluwa ija, muone miyezi imene tchuthi chikugwera pa nyengo yogawikana njuchi kapena ya chilala. Pa masabata amenewo lembani maina a oyendera ming'oma, othira madzi m'beseni ndi othirira mbande, ndipo mndandandawo uvomerezedwe sukulu isanatsekedwe. Mng'oma uliwonse ukhale ndi nambala ndi tsamba lake m'buku losungidwa ku ofesi ya woyang'anira, lolembedwamo tsiku, zimene zaoneka, zimene zachitika ndi zoyenera kuchitika ulendo wotsatira. Ophunzira a chaka chomaliza asamalize maphunziro asanayende nyengo imodzi yathunthu ndi a chaka choyamba kapena chachiwiri amene adzatenge malo awo, ndipo makiyi a mpanda, zida ndi bukulo ziperekedwe pamaso pa woyang'anira.